Mitsempha ya mtima ikamera mwachilendo: ngozi za catheter ndi mmene madokotala amazithetsera

Munthu wa ku Utale m'boma la Balaka akayamba kumva kuphwanya pachifuwa pamene wagwira khasu kapena akukwera chitunda panjinga, ulendo wake wofuna chithandizo umakhala wautali. Umayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera, n'kufika ku Balaka kapena ku Liwonde komwe kuli chipatala cha boma la Machinga, kenako ku Zomba Central kapena ku Gulupu mumzinda wa Blantyre. Madokotala akakayikira kuti mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, amafuna kuuona ndi maso. Njira yodalirika youonera ndi kulowetsa kapaipi kotchedwa catheter mumtsempha wa pamkono kapena wa m'mphechepeche mpaka kakafike pamtima. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika chithandizo chotere akhala akupita kunja, makamaka ku India, South Africa ndi ku Tanzania, komwe kuli Jakaya Kikwete Cardiac Institute mumzinda wa Dar es Salaam.

Kwa odwala ambiri ntchitoyi imatha bwino ndipo sitenga ola lathunthu. Pofufuza chabe, mavuto aakulu amagwera wodwala mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse, ndipo imfa imachitika mwa apo ndi apo, pafupifupi mmodzi mwa 1 000. Koma pali gulu la anthu amene mitsempha yawo ya pamtima inamera mosiyana ndi ya anzawo, ndipo ambiri a iwo sadziwa kufikira tsiku limene agona pabedi la chipinda chojambuliracho.

Mmene mitsempha imayendera

Mtima umapopa magazi a thupi lonse, koma nawonso umafuna kudya. Chakudya chake chimadzera m'mitsempha iwiri imene imachokera patsinde la mtsempha waukulu wotchedwa aorta, pamwamba pang'ono pa valavu yotulukira magazi. Wakumanja umazungulira mbali ya kumanja ndi kunsi kwa mtima. Wakumanzere umayamba ngati thunthu lalifupi, kenako n'kugawika pawiri: nthambi ina imatsikira kutsogolo kwa mtima, ina imakhotera kumbuyo. Mitsemphayi ndi yaing'ono, mamilimita atatu kapena anayi m'mimba mwake, kuchepa kuposa pensulo.

Timapaipi timene madokotala amagwiritsa ntchito tinapindidwiratu kufakitale motengera kamangidwe kameneka. Dokotala wa ku America, Melvin Judkins, ndiye anakonza mapindidwe otchuka kwambiri mu 1967, kamodzi ka kumanzere ndi kena ka kumanja, ndipo tikalowa mu aorta timangolunjika tokha pakhomo la mtsempha. Ubwino wake ndi womwewo, vuto lakenso ndi lomwelo. Khomo likakhala kwina, kapaipi kamagogoda pakhoma.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Yamanaka ndi Hobbs wa mu 1990, amene anaunika zithunzi za odwala 126 595 pachipatala cha Cleveland Clinic. Anapeza kuti 1.3 peresenti anali ndi mitsempha yomera mwachilendo, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 80. Ambiri mwa iwo analibe vuto lililonse nayo. Ena nthambi ziwiri za kumanzere zimachokera payekhapayekha popanda thunthu. Ena nthambi yokhotera kumbuyo imamera kumanja n'kuzungulira kuseri kwa aorta. Izi sizipha munthu, koma zikhoza kusokoneza dokotala amene sakuziyembekezera.

Zoopsa ndi zina. Mtsempha ukamera mbali yolakwika n'kudutsa pakati pa aorta ndi mtsempha waukulu wopita kumapapo, khomo lake limakhala lopapatiza ngati kamng'alu, ndipo nthawi zambiri chigawo chake choyamba chimayenda m'kati mwa khoma la aorta. Munthu akathamanga, aorta imafufuma n'kuufinya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene achinyamata ooneka athanzi amagwera mwadzidzidzi pabwalo la mpira, makamaka ngati mtsempha wosocherawo ndi wakumanzere. Palinso anthu amene ali ndi mtsempha umodzi wokha wodyetsa mtima wonse. Ndipo pali makanda amene mtsempha wakumanzere umamera pamtsempha wopita kumapapo, vuto limene Bland, White ndi Garland analongosola mu 1933. Limagwira mwana mmodzi mwa pafupifupi 300 000, ndipo popanda opaleshoni ana asanu ndi anayi mwa khumi safika chaka.

Ntchito imene inayamba ndi ngozi

N'zochititsa chidwi kuti kujambula mitsempha ya mtima kunayamba ndi ngozi. Werner Forssmann, dokotala wachinyamata wa ku Germany, anali atasonyeza kale mu 1929 kuti kapaipi kangafike pamtima munthu osafa, ndipo anayesera pa thupi lake lomwe. Analandira mphoto ya Nobel mu 1956 pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards. Komabe madokotala ankakhulupirira kuti kuthira utoto wojambulira mwachindunji mumtsempha wodyetsa mtima kungaphe munthu pompo. Pa 30 October 1958, Mason Sones wa ku Cleveland ankajambula aorta ya mnyamata wa zaka 26 amene mavalavu ake anaonongeka ndi nthenda ya rheumatic. Kapaipi kanaterereka n'kulowa mumtsempha wakumanja, utoto wonse n'kupita mmenemo. Mtima unaima kwa kanthawi. Sones anauza wodwalayo kuti atsokomole mwamphamvu, ndipo mtima unayambanso kugunda. Kuchokera pamenepo, Andreas Grüntzig anatsegula mtsempha wotsekeka ndi kabaluni mumzinda wa Zurich pa 16 September 1977, ndipo mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anayamba kuika stent, kapaipi ka waya wolukidwa ngati mono kamene kamatsala mumtsempha kuti usabwererane.

Nthenda ya mnyamata uja si yachilendo kwathu kuno. Ana ambiri m'Malawi amaonongeka mavalavu chifukwa cha zilonda za kukhosi zimene sizinachizidwe bwino, ndipo ena amadzafunika opaleshoni atakula. Munthu wa zaka zopitirira 40 asanasinthidwe valavu, kawirikawiri amayamba wajambulidwa mitsempha. Apa ndi pamene nthambi ija yozungulira kuseri kwa aorta, imene tati siipha, imasanduka nkhani yaikulu, chifukwa imadutsa pafupi ndi pamene dokotala wa opaleshoni amasoka valavu yatsopano. Akapanda kudziwa kuti ilipo, akhoza kuisokera limodzi kapena kuifinya.

Pamene mtsempha sukupezeka

Vuto loyamba ndi kusapeza mtsempha. Dokotala akaona mbali ina ya mtima yopanda mitsempha pachithunzi, akhoza kuganiza kuti mtsempha wa kumeneko unatsekeratu, chonsecho unangomera kwina. Madokotala odziwa ntchito amafunsa funso limodzi asanatseke kujambula: kodi mbali iliyonse ya mtima taona komwe imadyera? Ngati yankho ndi ayi, amathira utoto patsinde la aorta kuti makomo onse aoneke, kapena amasintha kapaipi n'kutenga ka mapindidwe ena, monga aja anakonza Kurt Amplatz.

Kufunafunako kuli ndi mtengo wake. Mphindi iliyonse yowonjezera ndi cheza cha X-ray chowonjezera pakhungu la kumsana, ndipo kuyesa kulikonse ndi utoto wowonjezera wopita ku impso. Choncho ngati wodwala sali pa ngozi ya nthawi yomweyo, nzeru ndi kuima, kutulutsa kapaipi, n'kumutumiza ku makina a CT. Chithunzi cha CT chimasonyeza pomwe mtsempha wamera ndi njira yonse imene wadutsa, ndipo pa funso lakuti wadzera pakati pa mitsempha ikuluikulu iwiri ija kapena ayi, chimaposa kujambula kwa catheter. Wodwala amene wauzidwa kuti ntchito yaimitsidwa pakati asaone ngati dokotala walephera. Nthawi zambiri kuimitsako ndiye chiganizo chabwino pa tsikulo, ngakhale kuti kwa munthu amene wagulitsa mbuzi ndi thonje kuti afike kumeneko, tsiku lina lowonjezera limawawa m'thumba.

Khoma la mtsempha likasupuka

Khoma la mtsempha lili ndi zigawo zitatu zomatana. Kapaipi kakalowa molunjika, utoto umayenda pakati. Koma pamtsempha womera mokhota, nsonga ya kapaipi imatsamira pakhoma, ndipo kukankha kapena kuthira utoto mwamphamvu kukhoza kusupula chigawo cham'kati. Magazi amalowa pansi pa chosupukacho n'kuchikankhira pakati, njira n'kutsekeka. Wodwala amamva kuwawa pachifuwa, mizere ya ECG imasintha, BP imatsika.

N'chifukwa chake dokotala amayang'ana kaye mzere wa mphamvu ya magazi pakompyuta asanathire utoto. Mzerewo ukaphwa, ndiye kuti kapaipi katseka khomo kapena kakhudza khoma, ndipo kayenera kubwezedwa pang'ono. Kusupuka kukachitika, lamulo loyamba ndi kuleka kuthira utoto, poti dontho lililonse limakulitsa bala. Lachiwiri ndi kusatulutsa kawaya kamene kadutsa kale mumtsempha, chifukwa ndiko njanji yokhayo yodutsira stent. Ngati kawayako kanali kasanalowe, dokotala amalowetsa kofewa mosamala, ndipo komwe kuli makina ojambula m'kati mwa mtsempha ndi mafunde a ultrasound amatsimikiza nawo kuti kali m'njira yeniyeni, osati pakati pa zigawo za khoma. Kenako stent imaikidwa pamene bala layambira kuti imate chosupukacho.

Nthawi zina bala limabwerera m'mbuyo n'kukwera mu aorta. Dunning ndi anzake anagawa vutoli m'magulu atatu mu 2000. Likakhala pafupi ndi khomo, kapena likakwera osafika mamilimita 40, kutseka poyambira ndi stent kumakwanira kwa odwala ambiri, ndipo amawajambulanso ndi CT kuti aone ngati balalo laima. Likapitirira mamilimita 40, madokotala a opaleshoni amaitanidwa. Kwa munthu wa mtsempha umodzi wokha, kusupuka pakhomo kumaika mtima wonse pa njala nthawi imodzi, ndipo ndi chifukwa chake ntchito yotere iyenera kuchitikira pachipatala chimene chili ndi gulu la opaleshoni ya mtima pafupi. Ndi funso loyenera kuti wodwala kapena womudikirira afunse asanasaine chikalata chovomereza.

Mtsempha ukabooka

Kubooka n'kosowa, sikufika pa wodwala mmodzi mwa 100 otsegulidwa mitsempha, koma n'kumene kumathamangitsa anthu m'chipindamo. Kumachitika kabaluni kakakula kuposa mtsempha, kapena kawaya kakapyola kunsonga kwa nthambi yaing'ono. Mumtsempha wokhotakhota dokotala amakakamizika kugwiritsa ntchito mawaya olimba kapena oterera, ndipo amenewa ndiwo amaboola msanga. Stephen Ellis anagawa kubooka m'magulu mu 1994, kuyambira kachibowo kosatulutsa magazi mpaka pamene utoto ukuoneka ukuthovokera kunja.

Mtima umakhala m'kathumba kosatamuka msanga. Magazi akataikira mmenemo mofulumira, ngakhale osadzaza kapu ya tiyi, amaupanikiza moti umalephera kudzaza. Dokotala amafufumitsa kabaluni pamalo obookawo kapena kumtunda kwake n'kukasiya kwa mphindi zingapo, monga momwe munthu amatsinira paipi yothudzuka podikira pulambala. Wina amabweretsa makina a ultrasound. Ngati magazi adzaza m'kathumba, amabaya singano kunsi kwa fupa la pachifuwa n'kusiyamo kapaipi kokhetsera, ndipo BP imakwera pafupifupi nthawi yomweyo. Chibowo chachikulu amachitseka ndi stent yokutidwa ndi kansalu. Chaching'ono cha kunsonga amachitseka ndi timawaya topota, kapena ndi kachidutswa ka mafuta a m'thupi la wodwala yemweyo. Mankhwala a heparin, amene amaletsa magazi kuundana, akhoza kuthetsedwa mphamvu ndi protamine, koma madokotala amachita izi mosamala zida zikatuluka, kuopa kuti magazi angaundane mumtsempha umene akuupulumutsawo. Kubooka kwa kawaya nthawi zina kumaonekera patapita maola, wodwala ali kale kuwodi. Amene waikidwa stent pa ntchito yovuta asakakamire kutuluka tsiku lomwelo.

Mavuto ena amatha msanga. Mtsempha ukadzikunga chifukwa chokhudzidwa, mankhwala a nitroglycerin amaumasula. Magazi akamayenda mwaulesi ngakhale njira yatseguka, amathira adenosine kapena verapamil mumtsempha momwemo. Mtima ukayamba kunjenjemera m'malo mogunda, zomwe zimachitika kapaipi kakatseka khomo lopapatiza kapena utoto ukalowa m'kanthambi kakang'ono, amauwomba ndi magetsi n'kubwerera m'malo.

Impso, shuga ndi ma ARV

Apa ndi pamene wodwala wa kuno kwathu amasiyana ndi wa m'mabuku a ku Ulaya. Utoto wojambulira umatuluka kudzera mu impso, ndipo ukachuluka umazivulaza. Kuvulalako sikuoneka tsiku lomwelo, kumaonekera m'magazi pakatha maola 48 mpaka 72. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi odwala shuga, a BP ya nthawi yaitali, okalamba, ndi amene thupi lawo lauma. Chitetezo chake n'chosavuta: kuyeza impso ntchito isanayambe, kupereka madzi a m'diripi, kuchepetsa utoto, ndi kuyezanso patapita masiku awiri kapena atatu.

Amalawi ambiri amene ali pa ma ARV amamwa piritsi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Tenofovir payekha amalemetsa impso za anthu ena, ndipo dolutegravir amachulukitsa metformin, mankhwala a shuga, m'magazi. Metformin nayenso nthawi zambiri amaimitsidwa kwa masiku awiri ngati impso zili zofooka kapena utoto wachuluka. Amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir ali ndi nkhani ina: ritonavir sagwirizana ndi ticagrelor, ndipo amafooketsa clopidogrel, mankhwala awiri amene amateteza stent. Rifampicin wa TB nayenso amachepetsa mphamvu ya ticagrelor. Sikuti munthu asiye ma ARV kapena mankhwala a TB. Chofunika ndi kuuza dokotala wa mtima dzina la piritsi lililonse, ndipo njira yosaphonya ndi kunyamula mabotolo ake enieniwo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Munthu akhoza kuchita manyazi kutchula za HIV pamaso pa m'bale amene wamuperekeza kunja. Ali ndi ufulu wopempha kulankhula ndi dokotala payekha.

Kubwerera ku Utale

Chigawo chachikulu cha kusamalira mavutowa chimachitika kutali ndi chipinda chojambulira. Utale, dera lodziwika ndi mishoni ya Akatolika komanso malo osamalira odwala khate, lili m'chigwa chotentha cha Shire, ndipo m'miyezi ya October ndi November thukuta lokha limaumitsa munthu. Wobwera kumene kojambulidwa ayenera kumwa madzi okwanira, pokhapokha ngati dokotala wamuikira malire chifukwa cha kufooka kwa mtima. Apewe bufeni, diclofenac ndi indosidi, mankhwala ogulidwa mosavuta m'magolosale amene amavulaza impso ndiponso amachititsa kutaya magazi m'mimba akaphatikizana ndi asipulini. Panado ndiye woyenera pa ululu wamba. Mkodzo ukachepa, miyendo n'kutupa, apite kuchipatala akayezetse impso msanga, poti makina osefa magazi ali m'zipatala zikuluzikulu monga Gulupu ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, osati pafupi.

Bala lolowera kapaipi ndi laling'ono koma lili pamtsempha wa mphamvu. Njira ya pamkono, imene Lucien Campeau anayambitsa ku Montreal mu 1989, inachepetsa kwambiri kutaya magazi, koma kwa anthu ena mitsempha ya m'dzanja nayo imakhala yopiringizika ndipo dokotala amabwerera ku mphechepeche. Kwa sabata imodzi wodwala asalime, asapope mjigo, asanyamule thumba la chimanga, ndipo wa kabaza aiwale kaye njinga. Pakatuluka magazi, agone chagada, wina atsindike pabalapo ndi zala mwamphamvu kwa mphindi 15 osasuzumira, uku akufunafuna galimoto. Chotupa chogunda ngati mtima, dzanja kapena phazi lozizira ndi lochita dzanzi, kapena kuwawa kwa msana ndi m'mimba kobwera ndi chizungulire, zonsezi ndi zothamangira kuchipatala. Chomalizachi chimasonyeza kuti magazi akutaikira m'kati mosaoneka.

Chizindikiro china chimasokoneza ngakhale azachipatala. Ntchito ikatenga maola, khungu la kumsana kapena pansi pa khwapa likhoza kufiira kapena kuderako, kuyabwa, ngakhale kusupuka patapita milungu iwiri kapena inayi, ndipo malo ake amakhala ngati bokosi kapena bwalo lodulidwa bwino. Uku ndi kupsa ndi cheza. Asatemerepo mphini, asapakepo mankhwala a zitsamba, ndipo wachipatala auzidwe za kujambulako asanaganize zodulapo kachidutswa, chifukwa khungu lotere silipola msanga.

Choopsa kuposa zonse ndi kusiya mankhwala. Stent ndi chitsulo, ndipo magazi amafuna kuundana pa icho kufikira thupi litachikuta ndi khungu lake. Wodwala amamwa asipulini pamodzi ndi clopidogrel kapena mnzake, kawirikawiri kwa miyezi 6 ngati ntchito inali yokonzekera, ndi miyezi 12 ngati anaikidwa atadwala mtima mwadzidzidzi. Kulumpha masiku ochepa okha, makamaka m'milungu yoyambirira, kukhoza kutseka stent yonse kamodzi. Ikatsekeka pamtsempha womera mwachilendo, kuitsegulanso mwachangu kumavuta ngakhale kwa katswiri, nanji wodwala ali ku Utale. Clopidogrel si mankhwala opezeka m'chipatala chilichonse chaching'ono, choncho banja liwerengeretu mtengo wake pa bajeti ya ulendo, ligule a miyezi ingapo, ndipo lidziwe famase ya ku Zomba, Blantyre kapena Lilongwe komwe lizikawonjezera asanathe. Wozula mano kapena dokotala wina aliyense akanena kuti mankhwalawa aimitsidwe, ayambe walankhula ndi dokotala wa mtima.

Pochoka kuchipatala kumene wajambulidwa, wodwala apemphe zinthu zitatu: lipoti lolembedwa, zithunzi zake pa CD kapena pa fulashi, ndi khadi losonyeza mtundu ndi kukula kwa stent. Apemphenso kuti m'lipotimo mulembedwe momveka pomwe mtsempha wachilendowo unamera, njira imene unadutsa, ndi dzina la kapaipi kamene kanakwanitsa kulowamo. Mzere umodzi umenewo ukhoza kupulumutsa theka la ola ndi utoto wambiri pa tsiku limene adzafunike kujambulidwanso. Mawu omwewo akopedwe m'buku la kuchipatala, ndipo tsamba lake lijambulidwe pafoni ya mwana kapena m'bale, popeza mabuku amanyowa ndi mvula ndipo chiswe sichisankha pepala.